Mayi Walowa m'Mimba mwa Mwana

Ndinakwera chapa ku Ulongwe mbandakucha,
fayilo yobiriwira ili pachifuwa ngati khanda lamalungo.
Pofika pa Moatize juzi ndinali nditavula.
Pofika pa mlatho wa Zambezi
thukuta linali litanyambita ngodya ya tsamba loyamba.

Mu ofesi yolembetsa makampani
fani akuzungulira ngati wakakamizidwa.
Bambo Sabonete, magalasi kunsonga kwa mphuno,
anyowetsa chala, afunsa osandiyang'ana:
Yomeza ndi iti, yomezedwa ndi iti?

Ndiloza.

Amayi, loya wanu walemba chobwerera.
Iyi si kholo kodi?

Ndi kholo, bambo. Ndi yomweyo.

Chidzanja ndi Ana.
Inayamba ndi sikelo yokoleka pamtengo wa pichesi ku Domwe,
malemu Zefaniya akuyeza nyemba ndi kachewere,
ine ndili mtsikana wa bolopeni kukhutu.
Chaka cha matope aja tinagula lole imodzi yakutha,
tinailembetsa payokha kuti ikagwa igwe yokha,
tinaitcha Magalimoto a Revubwe,
tikuseka, poti dzina linaposa galimoto.
Lero malole ali makumi atatu.
Chiphaso cha pamsewu chili m'dzina lake,
makontirakiti a kumigodi ali m'dzina lake,
a kubanki akamva Chidzanja amafunsa kuti ndani.

Amati nyama ikakalamba imayamwa kwa mwana wake.
Sanandiuze kuti ikatha kuyamwa
imapinda miyendo n'kulowa yonse.

Bambo Sabonete awerenga mokweza, mwa lamulo:
katundu yense, ngongole zonse, milandu ngati ilipo,
zidutsa tsiku limodzi, ola limodzi.
Nyumba yosungira mbewu ya ku Domwe, idutsa.
Ngongole ya feteleza ya chaka chatha, idutsa.
Magawo amene kholo linasunga mwa mwana afafanizidwa,
eni ake alandira atsopano.
Antchito khumi ndi anayi, tsamba lachisanu ndi chiwiri.
Ine ndine nambala naini,
Anastazia Kamtedza, wolemba mabuku,
pakati pa mlonda ndi mnyamata wosoka matumba.
Ndinadzitayipa ndekha Lachiwiri.

Apa pali chidindo cha chala, atero.
Mboni ndani?

Ndine. Ndi cha mayi Felisita, amasiye.
Anafunsa katatu ngati dzina la amuna awo likufa.
Ana awo anati ayi, likungosamuka.
Anayang'ana ine.
Ndinatsegula inki.

Palibe maliro pano, atero bamboyo, mwina poona nkhope yanga.
Sitigulitsa kanthu, sitigawa kanthu.
Tilengeza, okongoza adikire masiku awo,
wodandaula adandaule.
Akapanda kubwera, ndijambula mzere umodzi m'kaundula,
basi.

Mzere umodzi.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikutseka mabuku ndi mizere iwiri.

Sitampa igwa kanayi.
Pachitatu inki ichepa, apumira mpweya pamphira,
amenyanso.
Ndilipira mametikali pawindo lachiwiri,
risiti alemba dzina la mwana.
Layamba kale.

Kunja dzuwa la Tete silifunsa za munthu.
Ndigula masau a teni kwa mtsikana wa pamthunzi wa khoma,
ndiima pafupi ndi mlatho kudikira chapa.
Idutsa lole yathu, yoyera, nambala twente-thuu,
dalaivala sandidziwa.
Pachitseko palembedwa Revubwe,
mtsinje umene umathira m'Zambezi pompano, kumunsi pang'ono,
monga mwa chikhalidwe cha madzi.
Koma ine ndachokera kumene Zambezi wasayinira
kuti akathire mu Revubwe.

M'chikwama, pansi pa juzi,
muli sitampa yakale ya Chidzanja, chogwirira chake chong'aluka.
Palibe tsamba limene laitchula.
Lolemba foni ikalira
ndidzayamba ndatsokomola kaye,
lilime lipeze dzina.